Kabuleta Yaing'ono ndi Chiliza cha Mayi Anga

Mwamuna aliyense wobwera ndi mawu oti wapeza njira yopulumutsira mafuta a galimoto, ine ndimayamba ndamuyang'ana kaye kumaso. Anzanga amati ndili ndi nkhanza, koma iwo ulendo wa ku Rumphi sanayende nawo. Papita zaka, ana anakula, galimotoyo inagulitsidwa kalekale, komabe ndikaukumbukira ulendowo mtima umandiwira ngati zachitika dzulo.

Masiku amenewo tinkakhala ku Zingwangwa. Matipate anali atakhazikika, aliyense akulankhula zakukhosi, koma kwacha inkagwa ngati mango a mphutsi ndipo petulo ankakwera mtengo osatsanzika. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, kwathu ku Rumphi. Amuna anga, a Alufandika, ndi a ku Nsanje, ndipo ankagwira ukalaliki pa kampani ina ku Limbe. Tinali ndi pikapu yakale yobiriwira imene anaigula kwa mwini sitolo wina ataitopera. Inali nkhalamba, petulo inkamwa mosaumira, koma phiri sinkaliopa. Ukaiika katundu inkangobuula pang'ono n'kumapita.

Mayi anga anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo banja linagwirizana zovundukula chiliza chawo Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala. Kwathu mwambo umenewu si wamasewera. Abale amachokera kutali, abusa amabwera, amayi a mvano amavala zoyera zawo, mwala umaphimbidwa ndi nsalu, ndipo nyimbo ikafika pakati mkulu wa banja amachotsa nsaluyo kuti aliyense awerenge dzina la malemu. Bambo anga maso anali atayamba kuchita chidima. M'kalata imene analembetsa kwa mdzukulu munali mawu amene ndinkagona nawo: akufuna alione dzina la mkazi wawo pamwala asanasiyiretu kuona.

Mlongo wanga Wongani, amene ankagwira ntchito m'boma ku Mzuzu, ananena kuti mwalawo ukapangidwe komweko poti ndi pafupi. Ine ndinakana, ndipo kukana kumeneko ndikuvomera kuti kunali kwanga. Ndine woyamba kubadwa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ku Ndirande kunali mmisiri wina wogoba zilembo zakuya, zoti ngakhale wosaona atha kuziwerenga ndi zala. Ndinati mwala wa mayi anga ugobedwa ndi ameneyo, ndipo ndidzaufikitsa ndekha Lachinayi madzulo kuti womanga auimike Lachisanu.

Apa ndiyenera kunena za amuna anga ndi Wongani. Awiriwa ankakondana ngati alamu onse, kutanthauza kuti ankalumana moseka. Tikafika kumudzi, Wongani ankaizungulira pikapu yathu manja ali m'thumba n'kufunsa kuti, "Alamu, ng'ombe yanuyi mwaimwetsa kangati panjira?" Anthu ankaseka, amuna anganso ankaseka, koma ine ndimawadziwa. Mawu otere amawasunga ngati mbewu.

Kutatsala sabata imodzi, petulo atangokweranso, anabwera kunyumba manja ali bii, nkhope ikuwala.

"Mayi a Tiya, tulukani mudzaone sayansi."

Anatsegula boneti n'kundilozera kachitsulo kena konyezimira pamwamba pa injini. Anati imeneyo ndi kabuleta, chipangizo chosakaniza mpweya ndi petulo injini isanameze. Yathu yakale inali yaikulu, yakukhosi kotakasuka, n'chifukwa chake galimoto inkamwa kwambiri. Tsono makaniko wina wa ku Ndirande, amene aliyense ankangomutchula kuti Sipanala, anawapezera ina yaing'ono yochokera m'kagalimoto kamene kanachita ngozi. Mabowo a mabauti sankagwirizana, ndiye Sipanala anadula kachitsulo kolumikizira, pakati n'kuikapo gasiketi yodula ku katoni ya sopo.

"Ndapita nayo ku Chilomoni, ndabwerera, ndafika ku Limbe, geji siinasunthe n'komwe. Ku Rumphi tikafika ndi thanki imodzi ndi chigubu chimodzi basi. Wongani akatseka pakamwa."

"Mwaiyesa ili ndi katundu?"

"Injini sidziwa zimene zili kumbuyo, mayi."

Sindinawaletse, ndipo zimenezi ndimadziimba nazo mlandu mpaka lero. Akuluakulu anati ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo, koma sananene kuti mkazi wake anali pomwepo akumupatsira njerwa.

Lachinayi tinanyamuka kusanache bwino. Mwalawo anaukweza amuna asanu ndi mmodzi dzulo lake, n'kuugoneka pa matiresi akale ndi matayala awiri. Pambali pake panali matumba anayi a simenti, belo la shuga, thumba la mpunga ndi makireti a zakumwa. Kutsogolo tinapanikizana anthu atatu, chifukwa tinatenganso a NyaMsiska a ku Chinyonga, mayi wamasiye amene anakulira limodzi ndi mayi anga ndipo analumbira kuti mwambowu saulephera. Anali mayi wamkulu thupi ndi pakamwa pomwe.

Kachitunda kotulukira ku Zingwangwa, kamene tinkakwera tsiku ndi tsiku osakazindikira, galimoto inakakwera ikutsokomola. A NyaMsiska anandiyang'ana. Amuna anga anati injini sinatenthe. Titadutsa Lunzu ndi Lirangwe msewu unayamba kutsetsereka, ndipo sayansi inabwerera mwakale. Anachotsa giya, galimoto ikungoyenda yokha, iwo akuimba mluzu n'kumagogoda geji ndi chala kuti tonse tione. Pa Zalewa wapolisi anatukula tenti yophimba katundu, ataona kuti ndi mwala wa pamanda anavula chipewa n'kutiuza kuti tiyende bwino. Ulemu umenewo ndi wotsiriza umene tinaulandira pa ulendo wonsewo.

Titangooloka Shire, dzuwa la Okutobala linatitsikira. Msewu unayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo galimoto inayamba kulira mwachilendo, ngati muli timiyala m'chitini. Tisanafike pa Phalula nthunzi inatulukira m'mbali mwa boneti. Tinaima pansi pa mlambe. Madzi amene tinanyamula anathera mu rediyeta, ena ndinakapempha pa mjigo, pomwe amayi anandilowetsa patsogolo pa mzere atamva za mwala, koma osasiya kuseka. Tinakhala pamenepo ola lathunthu kudikira kuti injini izizire, ntchentche zikutizunza, a NyaMsiska akudzipepeza ndi buku la nyimbo.

M'pamene ndinafunsa funso limene ndikufuna mulikumbukire.

"Bambo a Tiya, kabuleta yakale ija ili kuti?"

"Inatsala kwa Sipanala. Tinasinthana."

Ananena akundiyang'ana m'maso, osaphethira. Ndinawakhulupirira, poti munthu wakhala naye zaka khumi ndi zisanu sungayambe kumusecha m'matumba pamsewu.

Kuchokera pa Chingeni kupita ku Ntcheu ndi zitunda zokhazokha. Giya yachitatu inakanika, tinalowa yachiwiri, nthawi zina yoyamba, phazi la amuna anga lili phwa pansi. Bambo wina wa njinga, atamanga mbuzi pakaliyala, anatipitirira n'kutipatsa moni. Tinamupeza potsetsereka. Pa chitunda chotsatira anatipitiriranso, ulendo uno n'kufunsa ngati kumudzi tawasiya bwino. A NyaMsiska anamuyankha pawindo kuti akafika ku Ntcheu akatisungire malo. Ekizozi inkaphulika mwa apo ndi apo ngati mfuti, nkhuku za m'mbali mwa msewu zikubalalika, ana akuthamangira kudzaona.

Ndipo geji ija, imene inkagogodedwa monyadira pa Lirangwe, inayamba kutsika ndikuiona ndi maso angawa. Pofika pa Ntcheu inali itadutsa theka. Kale ndi kabuleta yakumwa ija tinkafika pamenepo singano ili pamwamba ndithu. Ndinawalozera. Iwo anati geji ndi yakale, imanama ikatenthedwa. Koma anakhota okha kulowa pa filing'i sitesheni, ndipo pothira anatembenukira kumbali kuti ndisaone manambala.

Pa Lizulu tinawiranso. Ogulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere anatizinga, ataona kuti sitigula anasanduka alangizi. Wina anati ndi mapulagi, wina anati petulo wa masiku ano ngosakaniza ndi parafini, wina anati katundu wa kumanda salola kuyenda usanathire nsembe. Kenaka anatiitanira makaniko wa pamsika, amene anamasula kabuleta, kuuzira timabowo ndi pakamwa, kupotokola kasikuluwu kena uku ndi uku, n'kunena kuti tsopano iuluka. Asanatseke boneti anaima kaye akuyang'anitsitsa.

"Koma madala, kabuleta iyiyi si ya injini imeneyi. Yake ili kuti?"

"Iweyo panga zimene ndakuuza," anatero amuna anga.

Inauluka mpaka pa chitunda choyamba. Ku Dedza tinalowa dzuwa likulowa, nthawi imene ndinalonjeza kuti ndidzakhala ndikutsitsa mwala ku Rumphi. Tinagona pa resitihausi ina ya nsikidzi, ndipo ine ndinakana kudya.

Lachisanu m'mawa msewu unatinyenga. Kuchoka ku Dedza kupita ku Linthipe ndi kutsetsereka, mphepo inali yozizira, ndipo galimoto inayenda ngati yalapa. Mluzu uja unabwereranso. Titafika ku Lilongwe ndinawachonderera kuti tipite kwa ogulitsa zitsulo zakale tikafunefune kabuleta yofanana ndi yathu ija, ngakhale yobwereka. Ndinawauza kuti si za ine ayi, ndi za bambo anga amene akhala pakhonde kuyambira dzulo kumvetsera kulira kwa galimoto iliyonse.

"Mapiri atha, mayi a Tiya. Kuchoka pano mpaka ku Kasungu ndi tebulo. Mwaona nokha mmene yayendera."

"Nanga Chikangawa?"

"Pofika kumeneko ikhala itazolowera."

Chitsulo kuzolowera! Munthu wophunzira, wovala taye, wolemba malipoti a kampani, kundiuza ine kuti chitsulo chizolowera. Ndinapita ku positi ofesi kukaimbira foni Wongani. Ndinaima pamzere pafupifupi ola, ndipo nditapeza laini, mlembi wa ku ofesi kwake anati abwana ananyamuka dzulo kupita kumudzi ku mwambo wa chiliza cha mayi awo. Ndinathokoza n'kuika foni pansi. Kumudzi kwathu kunalibe foni.

Tebulo lija linali lotentha ngati chiwaya. Tinawira pa Lumbadzi, tinawira pa Mponela, pa Madisi tinathiranso petulo ndipo chigubu chija chinali chitatha kale. Ndinafika podziwa mijigo yonse ya msewu umenewo. Kudikira kwake n'komwe kunkandipweteka: umakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, mabasi akudutsa, anthu akukuyang'ana pawindo, wotchi ikuyenda, ndipo mwini zonsezi waima patsogolo pa boneti manja m'chiuno ngati dokotala woyembekezera kuti wodwala atsitsimuke yekha.

Pa Kasungu tinafika cha m'ma fili koloko. Ndinazungulira malole onse amene anaima pamenepo kupempha kuti wina anditengere mwala mpaka ku Mzuzu. Awiri anali odzaza feteleza mpaka pamwamba. Wachitatu anali ndi malo, koma dalaivala atasuzumira pansi pa tenti anabwerera m'mbuyo, nati za kumanda sanyamula, abwana ake akamva ntchito itha. Kondakitala wa basi anangoseka n'kundifunsa ngati ndikufuna denga la basi ligwere anthu.

A NyaMsiska anatsitsa chikwama chawo.

"Mwana wane, ine ndikwera basi. Mayi ako ndinawalonjeza, ndipo sindingakaimbe nyimbo ndili pa Jenda. Ndikawauza kuti mukubwera." Kenaka anatembenukira kwa amuna anga. "Inu apongozi, ine za injini sindidziwa. Koma ndalera ana asanu ndi awiri, ndipo mwana amene wabisa kanthu ndimamudziwa ndi makutu."

Amuna anga anaseka mouma. Ine sindinamvetse, ndinangoganiza kuti ndi pakamwa pa a NyaMsiska monga mwa masiku onse. Basi inanyamuka, ife tinatsala. Pa Jenda tinafika kukuda, n'kugona pamenepo.

Loweruka tinadzuka tambala woyamba. Mwambo unali wa teni koloko. Ndinawerengera kuti ngati Mulungu atatichitira chifundo tikhoza kufika nyimbo zisanathe, amuna n'kuugwirizira mwalawo ndi manja pamalo pake, simenti n'kudzathira pambuyo. Ndinavaliratu bulauzi yanga yoyera ya mvano kuti ndikangotsika n'kulowa pamzere.

Amene anayendapo msewu wa Chikangawa akudziwa kuti zitunda zake sizitha. Ukamaliza china, china chili potero chikukudikira. Zitatu zoyamba tinakwera mokwawa. Titalowa m'nkhalango ya paini, nkhungu ili tolo, tinafika pa china chachitali chokhota, ndipo pakatikati injini inaphulika kawiri n'kuzima. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Handibuleki ya nkhalamba ija inali ya dzina lokha. Ndinalumpha, n'kuthamangira kutola miyala yotchinga kumatayala, uku ndikumva mwala wa mayi anga ukukhuta ku chitseko cha kumbuyo. Bulauzi yoyera ija inasanduka ya dothi lofiira.

Tinatsitsa simenti, shuga, mpunga ndi makireti, anthu awiri tokha. Amuna anga analiza injini, inayenda mikono ingapo n'kuzimanso. Anati aitembenuze akwere chafutambuyo poti giya ya livesi ndi yamphamvu. Anayesadi, ine ndikuwakupizira manja pakati pa msewu ngati wamisala, mpaka fungo la kupserera linadzaza nkhalango. Nditayang'ana wotchi inali naini koloko. Ndinakhala pa thumba la simenti n'kulira, osati misozi ya chisoni ayi, koma ija yotentha imene imabwera munthu ukasowa chomenya.

Lole yonyamula matabwa inaima kutsogolo kwathu. Anatsika bambo wachikulire wa chipewa chaubweya, amene anadzitchula kuti a Nyirenda. Atamva za mwala ndi za teni koloko, sanachulutse mafunso. Anati atikoka mpaka pamwamba pa chitunda, koma tcheni chake chamanga matabwa, kodi tili ndi chingwe?

"Tilibe," anatero amuna anga.

"Chilipo," ndinatero ine. "Chimakhala kuseri kwa mpando."

"Khalani, mayi a Tiya, ndikatenga ndekha."

Liwiro limene ananyamukira ndi lomwe linandidzutsa. Masiku atatu onsewa munthuyu sanathamangepo, lero akuthamangira chingwe chimene wangonena kuti kulibe? Ndinali pafupi ndi chitseko kuposa iwo. Ndinakoka mpando. Chingwe chinalipodi, ndipo pansi pake panali mtolo wokulungidwa m'chitenje changa cha maluwa achikasu, chimene ndinachifunafuna nyumba yonse sabata yathayo mpaka kukalipira mwana wanga Tiyamike. Mtolowo unali wolemera, ukununkha petulo. Ndinaumasula pa boneti, a Nyirenda akuona.

Inali kabuleta yakale ija, yathunthu, yotsukidwa bwino, mabauti ake atamangidwa m'kapepala.

Ndinali nditakhalira chinthu chimenechi kuchokera ku Zingwangwa. Pa Phalula ndinachitsamira ndikufunsa kuti chili kuti. Pa Lizulu makaniko anachifunsa chili mkono umodzi kuchokera pamene anaima. Ku Lilongwe ndinachonderera ngati wopemphetsa kuti tikagule chinzake.

"Bambo a Tiya, ichi n'chiyani?"

"Ndinangoitenga kuti mwina zitavuta."

"Zitavuta? Pa Phalula zinali zisanavute? Pa Dedza? Dzulo ndikupempha malole ngati wamasiye, inu munkadikira kuti zivute bwanji? Mwala uthyoke? Bambo anga afe?"

"Nkhabe, si choncho." Akapanikizika chiSena chimatuluka chokha. "Ndimati tikafike nayo kaye yatsopanoyi, Wongani aione, ndiye pobwerera..."

Sanamalize, ndipo anachita bwino. Ndiye kuti ankadziwa. Kuyambira tsiku loyamba sankaikhulupirira sayansi yawoyo, n'chifukwa chake anaibisa inzake kuseri kwa mpando. Koma kuitulutsa kukanakhala kuvomera pamaso pa mkazi, pamaso pa a NyaMsiska, ndipo mawa lake pamaso pa mlamu wawo. Anaika mbali imodzi maso a bambo anga, mbali ina nthabwala ya ng'ombe, ndipo nthabwala inalemera. Zimene ndinawauza m'nkhalango muja sindingazilembe pano, poti ndine mayi wa mvano. Ndingoti mbalame zinathawa.

A Nyirenda anadikira kuti ndimalize, kenaka anakatenga bokosi la masipanala. Atamasula kabuleta yaing'ono ija anatukula gasiketi ya katoni, itapserera mbali imodzi, dzina la sopo likuonekabe.

"Onani apa, bwana. Imayamwa mpweya wakuba pamenepa, petulo n'kumachepa, injini n'kumatentha. Komanso kukhosi kwake n'kwakung'ono. M'tauni muli nokha ikhoza kukunamizani. Koma mwaika mwala, mwakumana ndi phiri, mukuponda mpaka pansi tsiku lonse pa giya yoyamba, ndiye imwa kuposa yakale. Ng'ombe yokoka ngolo simuimana msipu."

Atatchula ng'ombe, amuna anga anayang'ana pansi. Ntchitoyo ikanakhala ya mphindi zochepa, koma kachitsulo ka Sipanala kanali katagwirana ndi kutentha, bauti imodzi inathyokera mkati, ndipo gasiketi yatsopano anachita kuisema ku chikopa cha lilime la nsapato. Teni koloko inakwana ndili chiimire ndi sipanala m'manja. Ndinkaona m'maganizo amayi akufola, abusa akutsegula buku, bambo anga akutembenuzira khutu kumsewu. Injini inalira itadutsa hafu leveni. A Nyirenda anakana chilichonse, anangoti tikawapempherere.

Tinakwezanso katundu, ndipo nkhalamba ija inakwera chitunda chimene chinatigonjetsa ngati palibe chilichonse kumbuyo. Inkagogoda pang'ono mkati, poti masiku atatu a moto anaivulaza, koma inkapita. Pa ulendo wonsewo palibe chinandiwawa ngati kumva mphamvu imeneyo. Tikanaima mphindi makumi anayi pansi pa mlambe wa pa Phalula, bwenzi nditagona kwathu Lachinayi.

Mzuzu tinangodutsa, Ekwendeni chimodzimodzi. Titakhota pa Bwengu tinayamba kukumana ndi anthu athu akubwerera. Inadutsa minibasi yodzaza amayi ovala zoyera, ena anandizindikira n'kugwira pakamwa. Patsogolo pang'ono anadutsa abusa pa njinga yamoto, chikwama chili kumsana. Kumudzi tinafika cha m'ma folo koloko, tinapeza akupasula chisakasa, atsikana akutsuka miphika. Wongani anatuluka, anayang'ana bulauzi yanga, anayang'ana galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafunse za ng'ombe. Anangoti adada ali kumanda.

Tinapita ndi galimoto kumandako, n'kuwapeza bambo atakhala pa mpando pafupi ndi manda a mayi, jekete la tchalitchi lili m'thupi, nsalu yoyera itapindidwa pamiyendo. A NyaMsiska anali pambali pawo. Anandinong'oneza kuti anthu anadikira mpaka wani koloko, abusa anali ndi ukwati ku mpingo wina, ndiye anapemphera, amayi anaimba, ndipo bambo anachotsa okha nsalu pa maziko a simenti opanda kanthu. Atatero anakana kubwerera kunyumba.

Ndinagwada patsogolo pa bambo. Anandigwira kumutu n'kunena kuti ndiwatengere pamene pali mwala. Tinatsegula chitseko cha kumbuyo n'kuchotsa tenti. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza mwalawo, anapendeketsa mutu uku ndi uku, koma dzuwa linali litapendeka ndipo mitengo ya kumanda inachita mthunzi. Ndiye anaika zala. Anatsata chilembo chimodzichimodzi, milomo ikuyenda, mpaka dzina lonse la mayi anga linatha.

"Wagoba bwino mmisiriyu," anatero.

Kenaka anaweramuka n'kutembenukira kumene kunali amuna anga, amene anaima patali chipewa chili m'manja. Bambo anga anagwirapo ntchito ku Blantyre ali mnyamata, ndipo mkamwini wawo ankamulankhula m'Chinyanja chaulemu, chosathamanga.

"Apongozi, a NyaMsiska andiuza kuti munali pa ntchito yopulumutsa mafuta. Ndi ntchito yabwino, zinthu zadula. Tandiuzani, mwapulumutsa ochuluka bwanji? Ndifuna ndiwafotokozere awa agona apawa, chifukwa lero anthu awaimbira nyimbo pa simenti yopanda dzina."

Amuna anga, amene sasowa yankho ngakhale kwa wansembe, anangotembenuza chipewa m'manja. Palibe anawathandiza.

Mwalawo unaimikidwa Lolemba. Tinalipo anthu asanu, kuphatikizapo womanga. Panalibe abusa, panalibe nyimbo, kwa mayi amene anaimba mu mvano moyo wawo wonse. M'mawa umenewo bambo anayesanso kuwerenga dzuwa lili ng'aa, ndipo anati akuona mizere yakuda koma yosalumikizana. Mwina Loweruka zikanakhala chimodzimodzi, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anayenera kuchotsa nsalu pa dzina la mkazi wawo pamaso pa ana awo ndi mpingo wawo, ndipo tsiku limenelo silinabwerenso. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, maso awo anatsekeratu.

A Alufandika ndikadali nawo, takalamba limodzi, ndipo m'zambiri ndi munthu wabwino. Anapepesa kwa bambo, anapepesa kwa Wongani, kwa ine anagula chitenje china cha maluwa achikasu. Koma mwezi wathawu ndinawamva pakhonde akucheza ndi anzawo za magalimoto akale, mmodzi n'kufunsa za kabuleta ija. Ndinasiya kusita kuti ndimve bwino.

"Inali bwinobwino imene ija," anatero amuna anga. "Kungoti mwalawo unali wolemera."

Mwala wa mayi anga.